Mawu a Chingerezi Amene Anasamutsa Amayi

Ndaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri, ndipo ena mwa ana amene anadutsa m'manja mwanga lero ali ndi imvi. Koma pali mawu amodzi amene sindinawalembepo pa bolodi. Ndikawapeza m'buku ndinkangowadumpha, ndipo mwana akafunsa ndinkamuuza kuti akawapeza kalasi ya kutsogolo. Mawuwo ndi *fumble*. Ife ndi malilime athu tinkati fambulo.

Ndinawaphunzira ndili mu Sitandade 3 pa sukulu ina ya mishoni kufupi ndi Balaka, nkhondo yaikulu itangotha, asilikali akutsika sitima ndi mabokosi awo achitsulo. Ndinali ndi zaka ngati khumi ndi zitatu. Atsikana m'kalasimo tinalimo atatu okha, ndipo ine ndinali uja wokweza mkono funso lisanathe. Ndinene chilungamo, ndinali kamtsikana kodzimva. Kulakwa samu sikunkandivuta kwenikweni, koma wina akandiposa Chingerezi tsiku limenelo chakudya sichinkalowa.

Aphunzitsi athu anali bambo wamtali amene anapitako ku seminale koma anabwerera asanadzozedwe. Jekete anali nalo limodzi, lositidwa mpaka kunyezimira. Lachisanu lililonse ankatipatsa mawu asanu atsopano n'kuwafotokoza m'Chinyanja, ndipo Lolemba tinkawagwiritsa ntchito m'Chingerezi chokhachokha. Sankangomasulira ayi, ankachita ndi sewero lomwe. Tsiku la mawu amenewa anatulutsa kiyi wa kabati ya mabuku n'kupita naye pa loko. Kiyi uja ankangokanda m'mbali mwa bowo, kutembenuka, kutsetsereka pakati pa zala, kenako pansi. Anamutola, kuyambiranso, n'kugwanso. Ife tinaseka mpaka misozi.

"Kugwetsa n'kwina," anatero aphunzitsi. "Aliyense amagwetsa chinthu akadzidzimuka. Awa ndi mawu a zala zosokonezeka, zala zimene zikufunafuna chinthu chomwe chili kale m'dzanja."

Anati mawuwo amanenedwa kwa goloboyi amene mpira wafika m'manja mwake koma ukungovina, komanso kwa munthu amene mesenjala wamufunsa chiphaso cha msonkho, iye n'kumapisa m'thumba ili ndi ilo akunjenjemera. Anati ngakhale mboni pabwalo la milandu ikamakakamira mawu pakamwa, Angerezi amanena chomwecho. Kenako anatifunsa kuti kwathu kuno timati chiyani. Wina anati kupapasa. Aphunzitsi anati kumeneko ndi kwa mumdima, pamene apa maso akuona bwinobwino, zokana ndi zala. Wina anati kupulumutsa, iwo anati amenewo ndi mathero ake chabe. Ine ndinati phuma, ndipo anapukusa mutu n'kuti ngakhale munthu wodekha zimamuchitikira. Zinandiwawa kuti ndalephera pamaso pa anyamata.

Potuluka anatiuza kuti Lolemba aliyense abwere ndi chiganizo chimodzi cha mawu amenewa, chonena zimene waona ndi maso ake kunyumba, osati zopeka. Wopambana adzalandira pensulo. Tinkalembera pa masileti nthawi imeneyo, ndipo pensulo yeniyeni, yofiira, yokhala ndi labala kumapeto, ndinali ndisanaigwirepo. Ndinanyamuka ulendo wa kumudzi ndikudziwa kale amene ndikamulembe.

Amayi anali woumba mbiya. Dothi loumbira ankakatapa okha kudambo, ndipo mitsuko yawo inkafika mpaka kudoko la ku Liwonde, kumene akazi a asodzi ankaisinthanitsa ndi nsomba zouma. Kumudzi kwathu wofuna mphika ankaudzaza chimanga, kukhuthulira m'dengu la amayi, n'kunyamula mphika wake. Popanga mlomo wa mtsuko amayi ankanyowetsa kansanza, kukapana pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kuzungulira mtsukowo chafutambuyo kamodzi kokha. Mlomo unkatuluka wosalala moti akazi ankauyendetsa chala asanafunse n'komwe za chimanga.

Koma chaka chimenecho milomo inayamba kutuluka yokhota. Mitsuko anaisiya, n'kumangoumba timiphika ta ndiwo. Tintchito tating'onoting'ono tonse tinagwera ine. Kuphula mphika pamoto, ine. Kulowetsa ulusi pa singano, ine. Kumanga mfundo ya nsalu yoberekera mng'ono wanga, amene anali khanda la miyezi isanu ndi itatu, inenso. Ndikang'ung'udza amayi ankangoti, "Wakula iwe, uphunzire." Kosamba anasiya kupita ndi akazi anzawo. Ankadikira onse abwereko, n'kunditenga ine kuti ndikawatsuke kumsana. Pa chakudya ankati adya kale. Ine zonsezi ndinkaziona ngati ulesi, ndipo mumtima ndinkawatukwana kuti akundisandutsa wantchito pamene ndine mwana wa sukulu.

Loweruka ndi Lamulungu limenelo ndinawalonda amayi ngati mphaka pa una wa mbewa. M'tchalitchi ndinakhala pambali pawo dala. Ndinaona korona akuyenda m'manja mwawo molumphalumpha, mikanda iwiri kapena itatu nthawi imodzi, mpaka anagwera pa nsalu yawo iwo osadziwa, zala zikupitirizabe kuwerenga mphepo. Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, ankakazinga mtedza pa phale. Mwana analira, ine ndinali ndi nkhuni m'manja, ndiye iwo anangophula phale lija ndi dzanja. Analigwirabe akundiuza kuti ndimutenge mwana, ndipo analisiya pansi ine nditakuwa. Zala zitatu zinali zitatuwa, matuza akutukuka tikuona. Iwo sanalire. Anayang'ana dzanja lawo nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

"Zimene waonazi ndi za m'nyumba muno," anatero. "Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Ndinamvadi. Sindinganame kuti sindinamve. Koma ndinadziuza kuti kunena chinthu m'Chingerezi si kuulula. Chingerezi kwa ine chinali cha pa sileti, chofufutidwa ndi malovu, chosafika kumudzi. Chimene amayi anandiletsa ndi kukanena kuchitsime, ndipo ine kuchitsime sindinkafuna kukanena.

Lolemba anzanga anabwera ndi ziganizo za agogo ofuna fodya m'thumba ndi za amalume oledzera pa chitseko. Ine ndinabwera ndi zinayi. Ndinaimirira n'kunena m'Chingerezi kuti amayi anga amachita fambulo akamabereka mwana, amachita fambulo ndi singano, amachita fambulo ndi korona m'tchalitchi. Sindinalekere pomwepo. Ndinatengera aphunzitsi n'kuchita sewero. Ndinawerama ngati ndili ndi mwana kumsana, n'kumasakasaka nsonga za nsalu pachifuwa, zala zili tang'a, pakamwa pali yasa. Kalasi yonse inagwa nako kuseka, ndipo ine ndinamva kukoma. Pomaliza ndinanena chiganizo chimene ndinachikonza usiku wonse, chachitali kuposa zonse, chakuti dzulo amayi anagwira phale lamoto mpaka kupsa ndipo sanamve kanthu.

Aphunzitsi anali atasiya kumwetulira. Anauza kalasi kuti ikhale chete, n'kubwera pafupi nane. Anandifunsa m'Chinyanja, chinthu chimene Lolemba sankachita.

"Zayamba liti zimenezi?"

"Chilimwe chatha, aphunzitsi."

"Pathupi pawo pali mawanga?"

"Eya, kumsana kuli awiri otuwa, lina pa phewa. Ndimawatsuka ndine."

Ndinayankha mokondwa, ndikuganiza kuti ndi mbali ina ya mayeso. Anati chiganizo chachinayi mawu aja sanagwiremo bwino, koma zitatu zoyamba zinali zolondola, ndipo anandipatsa pensulo ija osandiyang'ana kumaso.

Tsiku lomwelo, ndisanafike n'komwe kunyumba, mnyamata wina wa m'kalasi mwathu ananditchulira dzina la nthendayo panjira. Anati kwanu kuli khate. Ndinamugenda ndi chigulumwa. Masiku amenewo dzinalo silinkatchulidwa pakhomo pa munthu, anthu ankangoti nthenda yaikulu. Wodwala ankamumangira kanyumba kunja kwa mudzi, mbale yake, chikho chake, njira yakeyake ya kumadzi. Ababa ndi amayi ankadziwa kuyambira kale. Ababa ankapita kwa sing'anga wina kuseri kwa mapiri a ku Kasupe kukatenga mizu, n'kumanama kuti akukaona mbewu ya thonje. Ankafuna kubisa mpaka mwana atasiya kuyamwa. Zonsezi ndinazimva pambuyo pake.

Lachinayi kunabwera njinga ziwiri, ya aphunzitsi ndi ya asisitere achizungu amene ankayang'anira kachipatala ka pamishoni. Asisiterewo Chinyanja ankachidziwa bwino. Anapereka moni mwaulemu, anakhala pa mphasa, anafunsa za mvula. Kenako anapempha kuti aone manja a amayi. Anthu anali atayamba kale kuima patali, ena kunamizira kudutsa ndi mitsuko yopanda madzi.

Asisitere anandituma kuti ndikatenge kathonje, ndipo ndinakasolola m'nkhokwe ya ababa. Anauza amayi kuti atsinzine, ndipo akamva kukhudzidwa aloze pamalopo. Anayamba pa tsaya. Amayi analoza. Pa khosi, analoza. Kenako kathonje kanatera pa chikhatho. Amayi anangokhala duu, maso ali chitsinzinire. Pamenepo ababa, amene anali ataima pa mzati wa khonde, anatsokomola. Amayi anati, "Apa," n'kuloza pa chigongono. Kathonje kanatera pa chala, ababa anatsokomolanso, amayi analoza pa phewa. Kachitatu asisitere anatembenuka n'kunena mofatsa kuti, "Bambo, chifuwa chanucho tichiona pambuyo." Ababa anakhala pansi pomwepo n'kugwira mutu.

Asisitere sanakakamize munthu. Anafotokoza kuti kuli mudzi wa odwala nthendayi umene amishoni anamanga, ulendo wa tsiku limodzi wapansi, kumene kuli jakisoni ndi minda, ndipo ena amabwerako. Koma anati khanda silingapite nawo, lamulo la kumeneko silinkalola. Ponyamuka anandisisita kumutu n'kuuza amayi kuti, "Muli ndi mwana wanzeru. Akanapanda kunena kusukulu, tikanadziwa mochedwa." Ankaganiza kuti akundiyamikira. Amayi anandiyang'ana kamodzi, n'kutsitsa maso pa mwana amene anali pa bere.

Sanandikalipire, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ndikanakonda akanandimenya. Ababa ndi amene analankhula, patapita masiku awiri, tikupalira thonje. Anati, "Kusukulu tinakutumiza kuti ukatengeko nzeru, osati ukatule za m'nyumba." Tinapalira mzere umenewo mpaka kumapeto.

Amayi poyamba anakana kupita. Anati adikira mwana ayambe kuyenda. Koma mudzi sunadikire. M'mawa wina tinapeza miphika isanu ndi mitsuko iwiri itandandalikidwa kunja kwa mpanda wathu, yonse youmba amayi, ina yakuda ndi mwaye wa zaka zambiri. Eni ake anaibweza mwakachetechete. Ena sanavutike n'kubweza, tinkangomva kuphwanyika kudzala. Amayi aang'ono, mng'ono wawo weniweni wa bere limodzi, analetsa ana awo kulowa pabwalo pathu, ndipo kuchitsime akazi ankadikira kuti ine nditunge ndichoke, kenako n'kutsuka chingwe. Tsiku lina ndinamva amayi akuuza ababa kuseri kwa nkhokwe kuti, "Ndikakhala, atsikanawa sadzakwatiwa, ndipo wamng'onoyu ndimupatsira. Ndiperekezeni." Ababa anati iyayi kangapo, koma mawu awo anali ofooka.

Anthu ambiri andiuzapo kuti ndinawapulumutsa amayi. Aphunzitsi aja anandiuza, asisitere anandiuza, ngakhale bambo mfumu polapa anandiuza kuti palibe tchimo pamenepo. Mwina n'zoona kuti akanabisala chaka china zala zikanatha zonse. Ndikudziwanso kuti aphunzitsi anachita zoyenera. Koma ine sindinaimirire m'kalasi muja kuti ndipulumutse munthu. Ndinaimirira kuti anyamata aseke ndiponso kuti nditenge pensulo, amayi atandiuza ndi pakamwa pawo kuti ndisanene. Chimenecho palibe amene anandichotsera, ndipo ndakalamba nacho.

Ananyamuka m'mamawa, mame asanaume. Anamuyamwitsa mwana komaliza atakhala pa mtondo wogona, nthawi yaitali, mpaka anagona. Kenako anandiuza kuti ndiwerame, n'kumuika okha kumsana kwanga. Anandiuza kuti phala lake lizikhala lamadzimadzi, ndizithiramo nsinjiro zosefa, ndiziyamba ndalawa ine. Anati akalira usiku ndisamupatse madzi ozizira. Ababa ananyamula mtolo wa mphasa ndi kadengu ka ufa. Ine ndinafuna kunena kuti pepani, koma chimene chinatuluka ndi chakuti, "Muyende bwino." Anati, "Tsala bwino, mwanangu," n'kutsata ababa. Palibe wa pamudzi amene anatuluka kudzawaperekeza.

Sukulu ndinaisiya, ndinadzabwererako patapita zaka asisitere atandichonderera. Mwana analira sabata ziwiri, anaonda mpaka ndinkaopa kumusambitsa, koma anapirira. Anakwawa, anaima, anayenda atagwira nsalu yanga. Atayamba kulankhula anayamba kunditchula kuti amayi. Ababa anamuwongolera kawiri katatu, kenako anatopa. Ine sindinamuwongolerepo. Ndinkadziuza kuti ndi mwana, adzadziwa akakula, koma kunena zoona zinkandikomera.

Ababa ankapita kukawaona amayi akatha kukolola ndiponso nyengo ya Khirisimasi. Ife ankatisiya, poti ana aang'ono sankaloledwa, ndipo chaka cha njala chitabwera panalibe wa mphamvu zoyenda ulendo wotero. Tinapita tonse mwana ali ndi zaka zinayi. Uthenga unali utabwera wakuti kwafika mankhwala atsopano a mibulu, ndipo amayi akupezako bwino moti tingathe kukhala nawo pafupi, bola panja.

Tinafika dzuwa litapendeka pang'ono. Anatikhazika pansi pa mtengo wa mango, ndipo amayi anatulukira kuchokera ku timanyumba ta njerwa, akuyenda mosamala ndi nsapato za matayala. Anali asanakwane zaka makumi anayi, koma nsidze zinali zitathothoka, nkhope itasintha, zala ziwiri za dzanja lamanja zitapindikira m'kati. Ine ndinagwada n'kuwapatsa moni, misozi ili chuchuchu. Anandiyankha, koma maso awo anali pa mwana. Anakhala pansi chapatali pang'ono, anatambasula manja, n'kumuitana ndi dzina lake lakunyumba, lija anamupatsa okha ali m'chikuta.

Mwana anawayang'ana, anayang'ana manja aja, n'kuzungulira kumbuyo kwanga. Anakwirira nkhope m'nsalu yanga. Ababa anati, "Pita, amenewo ndi amayi ako." Iye anandikoka n'kunena mokweza, momveka kwa aliyense, "Amayi, tiyeni kwathu. Ndikuwaopa agogowa."

Ndinamugwira pa mkono kuti ndimukankhire kutsogolo, ndinamukalipira, ndinafuna ngakhale kumutsina. Amayi anatsitsa manja awo n'kuwabisa m'nsalu.

"Musiye," anatero. "Usamukakamize, wamulera bwino." Anamuyang'anabe kanthawi, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Koma uzimudzoza mafuta, miyendo yatuwa."

Ndinati ndizimudzoza. Tinakhala pamenepo mpaka belu la mankhwala linalira, mwana ali kumbuyo kwanga, ndipo sanatulukeko.